Lusaka: Mzinda Umene Unayamba Ngati Popumulira

Acinyamata anzanga, inu amene mumakhala kufupi ndi mseu waukulu kuno ku Madzimoyo mudzandivomereza kuti mvula ikatha, mphepo ya mu Juni n'kuyamba kuomba, timaona alendo a pa njinga zamoto akudutsa. Sindikunena mahonda athu aja onyamula anthu ndi matumba a nshawa kupita ku Chipata ai. Ndikunena zinjinga zikuluzikulu zokhala ndi mabokosi acitsulo uku ndi uku, eni ake atavala zisoti ndi majekete okhuthala, nsapato zili mbuu ndi fumbi la maiko ambiri. Ana amathamangira kumseu kukawabaibitsa, iwo n'kukweza dzanja limodzi, basi apita.

Tsiku lina titaweruka ku msonkhano wa gulu lathu, mtsikana wina wa Giredi 8 anandifunsa kuti: "Akulu, kodi anthu amenewa amakagona kuti?" Ndinamuyankha mwacidule kuti ambiri amakagona ku Lusaka. Koma nditafika kunyumba funsolo silinandicoke m'mutu. N'cifukwa ciani wapaulendo wocokera ku Cairo, ku Nairobi kapena ku Lilongwe, akamapita kum'mwera, amaima mumzinda umenewu? Nanga anayamba liti kuima pamenepo? Nditafufuza ndinapeza kuti yankho lake ndi mbiri ya mzindawo, ndiponso mbiri yathu ife anthu a kum'mawa. Tiyeni tiiyende pamodzi mbiriyi, potsata maulendo atatu enieni a pa njinga zamoto amene anadutsa m'dziko lathu mu 1935, mu 1974 ndi mu 2007.

Kasiteshoni ka m'thengo

Coyamba tidziwe kuti mzinda wa Lusaka ndi wamng'ono msinkhu poyerekeza ndi kwathu kuno. Fort Jameson, imene lero timaichula Chipata, inakhazikitsidwa mu 1899 ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Mishoni ya Magwero inayamba mu 1899, ya Madzimoyo mu 1903. M'zaka zimenezo, pamene lero pali Cairo Road panali udzu ndi miyala cabe.

Mu 1905 anthu omanga njanji yocokera ku Livingstone kupita ku migodi ya ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, anafika pa malowo. Njanjiyo inali ya mzere umodzi, motero pa mamailo 20 alionse, kapena kuti makilomita 32, ankamanga kanjanji kapambali kuti masitima azitha kupatukirana. Kanjanji kena kanagwera pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo kanatenga dzina la mfumuyo. Palibe anaganiza kuti pamenepo padzakhala likulu la dziko. Panali poima sitima, potsitsira katundu wa alimi acizungu, makamaka Mabunu, amene anatsegula mapulazi m'mbali mwa njanji. Pang'onopang'ono panabwera masitolo, cigayo ndi hotela, ndipo mu 1913 malowo anapatsidwa kabungwe koyendetsa mudzi. N'cifukwa cake mzindawu unakondwerera zaka 100 mu 2013.

Kamseu kamene kanatsata njanji kutsogolo kwa masitolowo kanapatsidwa dzina lalikulu kuposa msinkhu wake: Cairo Road. Dzinalo linacokera ku maloto a atsamunda a ku Britain, makamaka Cecil Rhodes, ofuna njira imodzi yocokera ku Cape Town kukafika ku Cairo. Ndiye kuti ngakhale dzina la mseu waukulu wa mu Lusaka limanena za kumalo kwina, ngati kuuza mlendo kuti pano si pofikira, ulendo ukali.

Boma la atsamunda linaona kuti Livingstone, imene inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira mu 1911, inali yotentha ndiponso inali kumphepete kwenikweni kwa dziko. Mu 1931 katswiri wokonza mizinda wocokera ku London, Stanley Adshead, anavomereza kuti likulu latsopano limangidwe pa Lusaka. Malowo ndi okwera, pafupifupi mamita 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo ali pakati pa dziko, pamene njanji imakumana ndi miseu ya kumpoto ndi ya kum'mawa. Vuto lake linali nthaka ya miyala ya laimu imene madzi ake ali pafupi, ndipo mpaka lero anthu a ku Kanyama amalidziwa vutoli mvula ikagwa yambiri.

Mseu umene unatitembenuza

Makolo athu sankayang'ana kumadzulo. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, ndipo msonkho wa nyumba utayamba, amuna ambiri ankayenda pansi kulowera kum'mwera, kuoloka Zambezi, kukafuna nchito m'mapulazi ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Kumeneko ndiko ankati ku Walale. Katundu wa azungu a ku Fort Jameson ankadzera ku Nyasaland kapena ku Tete. Pakati pa ife ndi njanji ya ku Lusaka panali cigwa ca Luangwa, mapiri ndi ntsetse.

Mseu wa Great East unatsegulidwa kuti magalimoto azidutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1932 pa Luangwa panamangidwa ulalo woyamba ndi ndalama za bungwe la Beit Trust. Ulalo umene timaolokapo lero, wopacikika pa zingwe zacitsulo, unatsegulidwa mu 1968. Kucokera ku Chipata kukafika ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 570, kudzera pa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, Kacholola, pa ulalo wa Luangwa, mapiri okhotakhota a Manenekela, Rufunsa ndi Chongwe. Mseuwo umathera pa Kabwe Roundabout, kumutu kwa Cairo Road, pomwenso pamayambira mseu wa Great North. Aliyense wocokera ku Tanzania kapena ku Malawi wofuna kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya pa mseu waukulu, afune asafune, amagwera pa mphambano imeneyi.

Mseu umenewu unatembenuza nkhope ya dera lathu lonse. Anthu a kum'mawa anayamba kukhamukira ku Lusaka, ndipo popeza apolisi a nthawi ya atsamunda ankagwiritsanso nchito Cinyanja, cinenero cathu cinakhala cinenero ca m'misika ndi m'makomboni a likulu. Ngakhale sukulu yophunzitsa abusa imene inayamba pano pa Madzimoyo mu 1951 inadzasamukira ku Lusaka, ndipo lero ndi Justo Mwale University.

1935: Akazi awiri ndi njinga imodzi

Pa 11 Disembala 1934 atsikana awiri a ku England, Theresa Wallach ndi Florence Blenkiron, ananyamuka ku London kupita ku Cape Town. Onse awiri anali odziwa mipikisano ya njinga zamoto ndiponso odziwa kugwira sipanala. Njinga yao inali Panther ya injini ya 600cc, ya silinda imodzi, yopangidwa ndi kampani ya Phelon & Moore ku Yorkshire. M'mbali mwake anamangirira kabokosi kokhala ndi gudumu lake, mokwera munthu waciwiri, ndipo kumbuyo inkakoka kangolo konyamula tenti, madzi ndi petulo. Anaipatsa dzina loti Venture.

Atafika ku Algiers analowa m'cipululu ca Sahara, kumene akuluakulu a boma la France sankafuna kuti akazi awiri apite okha. Anakankha njingayo mumcenga masiku ambiri, ndipo asanatuluke m'cipululumo injini inafa. Anakakhala ku Agadez, m'dziko limene lero ndi Niger, masabata angapo kudikira zitsulo zatsopano zocokera ku England. Atakonza injini anapitirira kudzera ku Kano ku Nigeria, ku Congo, ku Uganda, ku Nairobi ndi ku Tanganyika, n'kulowa m'dziko lathu ca kumpoto. Ulalo wa pa Chirundu unali usanamangidwe, pakuti unatsegulidwa mu 1939, motero njira ya kum'mwera inali ya ku Livingstone. Anafika ku Cape Town pa 29 Julaye 1935, atayenda mamailo pafupifupi 13,500 m'miyezi isanu ndi iwiri ndi theka.

Taonani caka cimene anadutsa kwathu. Kumapeto kwa Meyi 1935 Bwanamkubwa Hubert Young ndi boma lake anacita cikondwerero cotsegulira likulu latsopano la Lusaka. Munthu wodutsa pamenepo pakati pa caka cimeneco ankapeza matauni awiri: kumadzulo kwa njanji kunali kamzinda kakale ka masitolo ndi fumbi, ndipo pa mtunda ca kum'mawa kunali nyumba zatsopano za boma, miseu yotakata ndi timitengo tongobzalidwa kumene. Sabata lomwelo la cikondwerero, anchito a m'migodi ya ku Copperbelt anali atanyanyala nchito cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo ku Luanshya apolisi anawombera anthu, asanu ndi mmodzi n'kufa. Ku Lusaka kunali magule ndi mbendera, ku Luanshya kunali maliro.

Apa pali cinthu cimene sitiyenera kuciphonya. Mzinda watsopanowo unakonzedwa kuti azungu akhalemo mpaka kale. Munthu wakuda ankawerengedwa ngati wongodutsa. Ankayenda ndi citupa, nyumba yake inali ya abwana ake, ndipo nchito ikatha nyumbanso yatha, azibwerera kumudzi. Tinyumba tozungulira ta udzu timene tasungidwa ku Kabwata Cultural Village ndi totsala ta nyumba zimene ankamangira amuna ogwira nchito opanda mabanja ao. Lamulo lolimbikitsa kumanga nyumba za anthu akuda a pabanja m'matauni linadza mu 1948. Ndiye kuti atsikana awiri ocokera kutali ankatha kuima paliponse m'tauniyo n'kulandiridwa, pamene mwana wa ku Katete, wobadwira m'dziko lomweli, ndiye anali mlendo.

Theresa Wallach anadzasamukira ku America kumene anagulitsa njinga zamoto ndi kuphunzitsa anthu kuyendetsa bwino. Anamwalira mu 1999, ndipo buku lake lofotokoza ulendowu, The Rugged Road, linasindikizidwa mu 2001.

Kodi wapaulendo amafunanji mumzinda?

Tisanapite ku ulendo waciwiri, tiyankhe funso la mlongo wathu uja mokwanira. Munthu wa pa njinga yamoto saima mumzinda waukulu cifukwa coukonda. Ambiri a iwo anathawa mizinda kwao kufuna mphepo ya kuthengo. Amaima cifukwa njinga ndi thupi zimamukakamiza.

Oilo wa mu injini amafunika kusintha pakapita makilomita masauzande ocepa. Cheni imatamuka ndi fumbi, mano a magiya ake amatha, ndipo ikaduka pakati pa Kacholola ndi Rufunsa munthu amagona pamseu. Tayala lakumbuyo la njinga yolemedwa ndi katundu silikhalitsa, ndipo saizi ya matayala a zinjinga zikuluzikulu siipezeka pa kagolosale ka m'mbali mwa mseu. Makanika wodziwa injini yacilendo amapezeka kumene kuli anthu ambiri. Kuonjezera apo pali za mapepala: ma ofesi a akazembe opereka viza ya dziko lotsatira amakhala mu likulu, mabanki aakulu alinso komweko. Thupi nalo limafuna zake: kucapa zovala, kuonana ndi dokotala ngati malungo agogoda, ndi kugona usiku uwiri pa bedi limodzi.

Comaliza ndi uthenga wa kunyumba. Kale wapaulendo ankauza abale ake kuti alembe kalata ku positi ofesi yaikulu ya mzinda wakuti, iye akaipeze kumeneko. M'zaka za m'ma 1930 makalata acangu ankabwera ndi ndege za Imperial Airways, zimene kuyambira mu 1932 zinkauluka kucokera ku London kupita ku Cape Town n'kumatera pa Mpika ndi pa Broken Hill. Mzinda unali ngati citsime: umatungapo, umamwa, umadzaza cigubu, n'kunyamuka. Wanzeru samanga nyumba pa citsime ca eni.

1974: Malire otsekedwa

Pa 6 Okutobala 1973 mtolankhani wina, Ted Simon, ananyamuka ku London pa njinga ya Triumph Tiger 100 ya 500cc, mothandizidwa ndi nyuzipepala ya Sunday Times. Tsiku lomwelo nkhondo inabuka pakati pa Israel ndi maiko a Egypt ndi Syria, ndipo Egypt inali pa njira yake. Anadutsabe ku Tunisia, Libya, Egypt, Sudan, Ethiopia, Kenya ndi Tanzania, ndipo kuciyambi kwa 1974 analowa mu Zambia, kutsika ndi mseu wa Great North kulowera ku Livingstone.

Lusaka wa nthawi imeneyo sanalinso kamzinda ka fumbi kaja. Anapatsidwa ulemu wokhala mzinda waukulu mu 1960, ndipo ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964 citupa cinatha mphamvu, anthu n'kuyamba kulowa mwaufulu. Mu 1963 munali anthu pafupifupi 123,000, koma pofika 1969 anali atapitirira 260,000. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo nyumba zake zili m'mbali mwa mseu wathu womwewu wa Great East. Mu 1970 atsogoleri a maiko osakondera mbali pa mkangano wa America ndi Soviet Union anasonkhana mu holo ya Mulungushi, imene inamangidwira msonkhano umenewo.

Koma dziko linali pa mpanipani. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia pa 11 Novembala 1965, njira ya kum'mwera imene Zambia inkadalira inasanduka njira ya adani. Petulo anayamba kubwera m'madiramu pa malole kucokera ku Dar es Salaam, pa mseu woipa kwambiri moti madalaivala anaupatsa dzina loti Hell Run. Paipi ya mafuta ya TAZAMA inatha kumangidwa mu 1968, ndipo pamene Simon ankadutsa, anthu a ku China, Tanzania ndi Zambia anali kalikiliki kumanga njanji ya TAZARA, imene inayamba mu 1970 n'kutha mu 1975. Mu Januwale 1973 Smith anatseka malire, ndipo atafuna kuwatsegulanso, Pulezidenti Kenneth Kaunda anakana. Motero Simon sakanatha kuoloka pa ulalo wa pa mathithi. Anazungulira ku Kazungula, kumene Zambia imakhudzana ndi Botswana pa kadera kakang'ono ka mtsinje wa Zambezi, n'kuoloka pa pontuni. Pamalopo lero pali ulalo waukulu umene unatsegulidwa mu Meyi 2021.

M'zaka zimenezo mu Lusaka munali apaulendo a mtundu wina, amene ulendo wao unali wolemera kuposa wa munthu aliyense wa pa njinga. Zipani zomenyera ufulu za ANC ya ku South Africa, ZAPU ndi ZANU za ku Zimbabwe, FRELIMO ya ku Mozambique, MPLA ya ku Angola ndi SWAPO ya ku Namibia zinali ndi ma ofesi mumzindawo, zambiri pa Liberation Centre mu Chilimbulu Road. Anthu amenewa anabwera kudzapuma ndi kukonzekera, mtima uli kwao. Ena anadikira zaka khumi, ena makumi awiri kapena kuposa. Pa 7 Seputembala 1974 boma la Portugal ndi FRELIMO anasaina mu Lusaka pangano limene linatsegula njira ya ufulu wa Mozambique. Ena sanabwerere amoyo: Herbert Chitepo wa ZANU anaphedwa ndi bomba mu Lusaka pa 18 Malichi 1975. Koma amene anakhala ndi moyo, tsiku lao litakwana, ananyamula zikwama n'kupita kwao. Sanaiwale cimene anaimira pa Lusaka.

Ted Simon anapitirira mpaka ku Cape Town, kenaka anakakwera sitima ya pamadzi ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo, kupita ku Brazil. Anabwerera kwao mu 1977 atayenda zaka zinai m'maiko 45. Buku lake, Jupiter's Travels, linatuluka mu 1979, ndipo lakopa anthu ambiri kuti ayambe maulendo otere.

2007: Anadutsa pakhomo pathu

Ena mwa anthu amene anakopeka ndi bukulo ndi Ewan McGregor, katswiri wa mafilimu wa ku Scotland, ndi mnzake Charley Boorman. Pa 12 Meyi 2007 ananyamuka ku John o' Groats, kumpoto kwenikweni kwa Scotland, pa njinga za BMW R1200GS Adventure, ndipo anafika ku Cape Town pa 4 Ogasiti, atayenda mamailo pafupifupi 15,000 m'masiku 85. Ulendo wao unaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya BBC pa dzina loti Long Way Down. M'njira ankayendera nchito za bungwe la UNICEF zothandiza ana, kuphatikizapo ku Malawi.

Amenewa ndiwo athu kwenikweni, cifukwa pocoka ku Malawi mu Julaye caka cimeneco analowa mu Zambia ca kuno kum'mawa, n'kutsata mseu wa Great East kulowera ku Lusaka ndi ku Livingstone. Enanu munali musanabadwe, enafe tinali tiana toyenda opanda nsapato, koma njinga zimenezo zinadutsa pa mseu womwe timaoloka popita kusukulu.

Yerekezani ndi atsikana aja a mu 1935. Awa anali ndi magalimoto owatsatira onyamula zipangizo, anthu ojambula, wa zacipatala ndi mafoni olankhula kudzera m'mlengalenga. Ulendo umene unatenga miyezi isanu ndi iwiri ndi theka unatha m'miyezi yosakwana itatu. Nawonso mzinda unali utasintha. Wolowa mu Lusaka kucokera kum'mawa mu 2007 ankalandiridwa ndi masitolo akuluakulu a Arcades ndi a Manda Hill; a Manda Hill anatsegulidwa mu 1999. Inu odziwa Cinyanja mwamva kale tanthauzo la dzinalo: ndi dera limene anthu amati kunali manda a mudzi wa mfumu Lusaaka. Pamene panali mudzi ndi manda ake, lero pali Nyumba ya Malamulo ndi malo oimikapo magalimoto. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha.

Wapaulendo ndi mchona

Tsopano tibwere kwathu. M'maulendo onse atatuwa muli cinthu cimodzi cofanana: anthuwo anaima m'mizinda, koma ankadziwa cimene aimira ndiponso kumene akupita. Atsikana aja anakhala ku Agadez masabata ambiri, koma tsiku lililonse ankadikira cinthu codziwika, ndipo citafika anamanga injini n'kunyamuka. Omenyera ufulu anakhala mu Lusaka zaka zambirimbiri, koma sanasinthanitse dziko lao ndi Cairo Road.

Makolo athu anali ndi dzina la munthu amene waima pa ulendo n'kuiwala kunyamuka. Ankati mchona. Machona ankacoka pamudzi akunena kuti akungokapeza ndalama ya msonkho ndi bulangete, abwera mvula isanagwe. Mvula inkagwa, ina n'kugwanso, makalata n'kuleka, mkazi n'kukalamba akuyang'ana kunjira. Pafupifupi banja lililonse kuno lili ndi dzina la agogo ena amene anapita ku Walale osabwerako.

Ine ndinakhala mu Lusaka zaka zitatu ndili ku koleji, ndipo sindinganame kuti ndi mzinda woipa. Ndinaphunziramo zambiri, ndipo abale athu oculuka amene anakhazikika kumeneko akulera mabanja bwino, akuphunzitsa ana a kumudzi ndi kutumiza feteleza caka ndi caka. Kukhala m'tauni si ucimo, ndipo ufulu wokhalamo makolo athu anacita kuumenyera. Koma pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ndinkakumananso ndi anyamata a kwathu amene anacoka kuno akuti akukapuma mwezi umodzi kwa amalume podikira zotsatira za mayeso. Zaka zinapita, sukulu osapitiriza, nchito yeniyeni osaipeza, ndipo kubwerera kumudzi manja ali lende ankacita nako manyazi. Sanasankhe kukhala, sanasankhenso kupita. Anangoima. Paja akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, koma awa dzuwa linawatulukira akali pa udzu wa eni.

Ndiye iwe mnzanga amene ukukonzeka kukwera basi kapena honda kulowera kumadzulo, tengako nzeru kwa anthu a zinjinga aja. Iwo asanalowe mumzinda amakhala atalemba kale zimene akukacita: oilo, tayala, viza, tulo. Amadziwa kumene akukagona ndi ndalama zimene angawononge, ndipo amaikiratu tsiku lonyamuka. Nawenso dziwa cimene ukupitira, dziwa amene akukakusunga, sunga padera ndalama yobwerera, ndipo uuze makolo ako tsiku limene udzaunikenso ngati zimene unapitira zikuyenda. Safunsa anadya phula: funsa amene anakhalako.

Ndipo kwa inu anyamata amene mwagula mahonda, onani kuti anthu amene ayenda maiko makumi anai savula cisoti ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ambiri a iwo sayenda usiku. Amadziwa kuti mbuzi, ngolo ya ng'ombe yopanda nyale ndi lole yopita ku Malawi sizisankha munthu. Ngati mukupita kutali, pumani pa Petauke kapena pa Nyimba, mapiri a Manenekela muwakwere kukuwala. Kucedwa ndi tsiku limodzi kuli bwino kusiyana ndi kubwera kwanu m'bokosi.

Mlongo wathu uja ndinadzamuyankhanso sabata lotsatira. Ndinamuuza kuti alendo aja amakagona ku Lusaka masiku awiri kapena atatu, amacapa zovala, amasintha oilo, amaimbira foni kwao, ndipo m'mamawa wina, misika isanatsegulidwe, amazungulira pa Kafue Roundabout n'kulowera kum'mwera. Iye anaganiza pang'ono n'kunena kuti akadzatsiriza Giredi 12 akufuna kukaphunzira unamwino ku Lusaka, akatero adzabwere kudzagwira nchito ku cipatala ca kuno kwathu. Ndinamuuza kuti alembe mau amenewo kuseri kwa kope lake, ndi deti lomwe.

Zokambirana m'magulu

1. Funsani agogo kapena akuluakulu a m'mudzi mwanu za wacibale amene anapita ku Walale kapena ku migodi. Anapita caka citi, anadzera njira iti, ndipo anabwerako kodi?

2. Mu 1935 munthu wakuda ankaonedwa ngati wongodutsa mu Lusaka. Ndi zinthu ziti zimene zinasintha pambuyo pa 1964, ndipo ndi mavuto ati atsopano amene anabwera?

3. Mnzanu akakuuzani kuti akupita ku Lusaka "kukangoona", ndi mafunso atatu ati amene mungamufunse asanakwere basi?